Marathoni ya pamsewu ndi ya pa makina opalasa: mafunso ndi mayankho kwa ife ochita mongokonda

Ine si katswiri wa zamasewero, ndipo palibe amandilipira pothamanga. Masana ndimagwira ntchito ngati wina aliyense, zolimbitsa thupi ndimazipezera mpata mbandakucha kapena ndikaweruka. Mtunda umene ndinaukonda ndi wa marathoni, makilomita 42.195, ndipo ndimauchita pawiri: pamsewu ndi miyendo, komanso m'nyumba pa makina opalasa. Anthu akamva zimenezi amafunsa zofananafanana, ena mwachidwi, ena mondiseka. Mayankho anga ndi awa.

Makina opalasa ndiye ati? Ndi njinga ija ya ku jimu?

Ayi, njinga ija ndi ina. Awa ndi makina aatali ogona pansi, okhala ndi kampando koterereka pa njanji. Mumakhala pakampandoko, mapazi mwamangirira pa zopondera, manja agwira chogwirira chimene tcheni chake chapita ku gudumu lokupiza mphepo kutsogoloko. Mukakankha ndi miyendo n'kukoka, gudumu limazungulira, ndipo mphepo imene likukupizayo ndiyo imakulemetsani. Mukakoka mwamphamvu nayo imalimba, mukafewetsa nayo imafewa.

Ambiri amene mungawapeze ndi a kampani ya Concept2 ya ku Vermont, m'dziko la America. Amene anaiyambitsa mu 1976 ndi anthu awiri a bere limodzi, Dick ndi Pete Dreissigacker, ndipo poyamba ankapanga nkhafi za mabwato a mpikisano. Makina awo oyamba anatuluka mu 1981, gudumu lake linali la njinga lenileni. Ankafuna kuti opalasa mabwato asamangokhala manja lende m'nyengo yozizira mitsinje ikaundana. Kenako zinasanduka masewero paokha. Ku Boston mpikisano wa CRASH-B unayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo mu 2018 bungwe la World Rowing linachititsa mpikisano wake woyamba wa dziko lonse wa m'nyumba ku Alexandria, Virginia.

Wokulira kunyanja asaganize za msodzi wa ku Nkhotakota. Msodzi amayang'ana kumene akupita, mphamvu ikuchokera m'mapewa ndi m'chiuno. Kupalasa uku ndi kwa mabwato a pa Olimpiki, komwe munthu amafulatira kumene akupita ndipo ntchito yaikulu ili ku miyendo. Aphunzitsi amati pafupifupi magawo 60 pa 100 a mphamvu amachokera ku miyendo, otsalawo ndiwo a msana ndi mikono.

Nanga makilomita 42 mumawayenda bwanji muli malo amodzi?

Kutsogolo kuli kasikirini kowerengera. Kamayeza momwe gudumu likuthamangira mukakoka ndi momwe likuferamo mukamabwerera, n'kuwerengera mphamvu imene mwaikamo, kenako n'kuisandutsa mamita. Mumakauza kuti mukufuna mamita 42,195, nambala ija n'kuyamba kutsika mpaka pa ziro.

Popeza makina aliwonse amadziyeza okha motero, nthawi ya munthu wa ku Lilongwe itha kuikidwa pambali pa ya munthu wa ku Oslo popanda mkangano. Concept2 ili ndi kaundula pa intaneti momwe aliyense amalemba nthawi yake ulere, m'magulu a zaka, kulemera, amuna ndi akazi. Chaka cha kaundulayu chimayamba pa 1 May n'kutha pa 30 April, ndipo m'masabata awiri oyamba a May amalimbikitsa anthu kupalasa marathoni yathunthu kapena theka lake, mamita 21,097.

Koloko ikayamba siima. Mukadzuka kukataya madzi, iyo ikungowerenga. Mukachedwako kwambiri kasikirini kamazima kokha, thukuta lonse lija n'kupita pachabe.

Nambala ya 42.195 inachokera kuti?

Nthano imati msilikali wa ku Greece anathamanga kuchokera ku Marathon kukanena ku Athens kuti apambana nkhondo, atangonena n'kugwa kufa. Pa Olimpiki yoyamba ya makono mu 1896 anathamangitsa makilomita pafupifupi 40 pokumbukira nthanoyo, ndipo anapambana ndi Spyridon Louis. Nambala ya 42.195 ndi ya Olimpiki ya ku London mu 1908, pomwe njira inayambira ku Windsor Castle n'kukathera m'bwalo la White City. Mu 1921 anaikhazikitsa kukhala lamulo. Opalasa anangobwereka. Mtunda wawo weniweni wa mpikisano ndi mamita 2,000, umene amuna amphamvu zedi amaumaliza mphindi 6 zisanakwane.

Yowawa kwambiri ndi iti?

Ku thupi, ya pamsewu, ndipo apa sindikayika. Munthu womaliza m'maola 4 amaponda pansi ka 40,000 kapena kuposerapo, ndipo phazi likamatera mwendo umalandira katundu woposa kulemera kwa thupi kawiri kapena katatu. Minofu ya kutsogolo kwa ntchafu ndiyo imagwira thupi kuti lisagwe, ndipo ntchito yogwirizayi ndi imene imaing'amba pang'onopang'ono, makamaka potsetsereka. N'chifukwa chake m'mawa mwake mumaona anthu akuluakulu akutsika masitepe chafutambuyo atagwira khoma.

Pa makina thupi lakhala pampando, palibe kudzigunditsa pansi. Wokoka ka 22 pa mphindi kwa maola atatu ndi theka amakoka pafupifupi ka 4,600 basi. Mawa lake amayenda bwinobwino, kungoti kukhala pampando wa kuntchito ndiye nkhani.

Koma makina ali ndi nkhanza zawozawo. Pamsewu pali anthu okuchemererani, pali pokhota, pali mtsetse wopumirapo. Pa makina mtsetse kulibe. Mukafewetsa kukoka kamodzi kokha, nambala yasintha pomwepo pamaso panu, ndipo mukhala mukuiyang'ana nambala imeneyo kwa maola atatu. Ndaonapo anthu othamanga bwino kundiposa akudzuka pa makina ola lisanathe, mpweya ali nawo, miyendo ili bwino, koma mtima wakana. Ndiye ndinganene kuti ya pamsewu imalanga miyendo, ya pa makina imalanga matako ndi mutu. Mtunda ndi umodzi koma ntchito zake ndi ziwiri, ndipo aliyense wofuna zonse ayenera kukonzekera iliyonse payokha.

Munthu wamba zimamutengera nthawi yaitali bwanji?

Pa makina liwiro sitiliyeza pa kilomita koma pa mamita 500, ndipo nambala imeneyi opalasa amaitcha split. Mu marathoni muli zigawo za mamita 500 zokwana 84 ndi kachidutswa. Wopalasa pa 2:30 amamaliza m'maola 3 ndi mphindi 31. Wa pa 2:15, maola 3 ndi mphindi 10. Wa pa 2:00, maola 2 ndi mphindi 49, koma ameneyu ndi chiphona, musamutengere. Kuti maola 3 asakwane pamafunika split yosafika 2:08 kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Pamsewu, maola 4 amafuna mphindi 5 ndi masekondi 41 pa kilomita, maola 5 amafuna mphindi 7 ndi masekondi ochepa. Kuti muone kutalika kwa akatswiri, malemu Kelvin Kiptum wa ku Kenya anathamanga 2:00:35 ku Chicago mu 2023, kutanthauza 2:51 pa kilomita iliyonse. Ambiri mwa ife sitingakwanitse liwiro limeneli ngakhale pa kilomita imodzi.

Ochita zonse ziwiri kawirikawiri amamaliza msanga pa makina kusiyana ndi pamsewu.

Bwanji ndiyambe mothamanga mphamvu zikadalipo, kuti pomatopa ndikhale nditapita kale patali?

Maganizo amenewa ndi amene amagwetsa anthu ambiri, ndipo pa makina masamu ake amaoneka poyera. Mphamvu sikwera molingana ndi liwiro, imakwera modumpha. Split ya 2:30 imafuna ma watt (muyeso wa mphamvu) 104, ya 2:15 imafuna 142, ya 2:05 imafuna 179, ya 2:00 imafuna 203. Taonani: kuchoka pa 2:15 kufika pa 2:05 ndi masekondi 10 okha, koma mphamvu yakwera ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Mukachita zimenezi kwa mphindi 40 zoyambirira, mwapindula mphindi zitatu zokha. Mphindi zitatuzo ndi ngongole ya katapila: mudzabweza khumi mukadutsa mamita 30,000, split itakwera mpaka 2:40 ndipo mulibenso choibwezera pansi.

Pamsewu n'chimodzimodzi, kungoti chinyengo chake n'chachikulu. Poyambira pali chikhamu, nyimbo zikulira, thupi lapumula, ndipo liwiro lolakwika limamveka lofewa. Ine lamulo langa n'lakuti makilomita 10 oyamba ndizichita manyazi ndi kuchedwa kwanga. Anthu andipitirire, ngakhale agogo. Ambiri mwa iwo tidzakumana pa kilomita 34 akuyenda chogwira m'chiuno.

Kandodo ka m'mbali mwa gudumu kaja ndikaike pa 10 kuti mamita achuluke?

Ayi. Kandodoko, damper, kamangotsegula kapena kutseka polowera mphepo. Pa 10 mphepo imalowa yambiri, gudumu limalemera ndipo limafa msanga musanakokenso, koma mamita sachuluka. Chimene mwachita ndi kusenzetsa msana wanu katundu wolemera ka 4,600. Eni ake a Concept2 amalangiza pakati pa 3 ndi 5. Nambala yodalirika ndi drag factor, yosonyeza kulemera kwenikweni kwa gudumu, imene kasikirini kamaonetsa mukaifuna, chifukwa makina odzaza fumbi amapepuka ngakhale kandodo kali m'mwamba. Ambiri amapalasa pakati pa 110 ndi 130, ndipo pa marathoni ndi bwino kukhala cha kumunsi kwake.

Ndingakonzekere marathoni ya pamsewu ndi makina okha?

Simungathe, ndipo apa m'pamene anthu olimba thupi amavulalira. Mtima ndi mapapo sizisankha ntchito, zimalimba kaya mukupalasa kaya mukuthamanga. Koma mafupa, mitsempha ya kumbuyo kwa chidendene ndi minofu ya kumiyendo zimazolowera kugunda pansi pokhapokha zikamagunda pansi, ndipo zimazolowera mochedwa kusiyana ndi mtima. Ndiye munthu wa pa makina akatuluka panja amapeza kuti mpweya ukumulola makilomita 20 pomwe miyendo yake ndi ya makilomita 8. Amamvera mpweya, pakatha masabata atatu msongolo watupa.

Wothamanga wobwera ku makina nayenso ali ndi yake. Mpweya ali nawo, koma msana, zikhatho ndi matako ndi zachilendo pantchitoyi.

Phindu la makina kwa wothamanga wongokonda ndi lina. Ambiri mwa ife miyendo yathu singapirire kuthamanga masiku asanu ndi limodzi pa sabata ngati akatswiri. Makina amatilola kuwonjezera maola a ntchito ya mtima popanda kuwonjezera kugunda pansi. Ndipo tsiku limene phazi lapweteka, muli ndi chochita.

Ndiye sabata muziigawa bwanji?

Ngati cholinga ndi msewu, thamangani katatu, palasani kawiri, mupume masiku awiri otsalawo. Mwa kuthamanga kutatuko, kumodzi kukhale kwa mtunda wautali, kumene muzikutalikitsa pang'onopang'ono mpaka makilomita 30 kapena 32. Ngati cholinga ndi makina, tembenuzani: kupalasa katatu, kumodzi kwautali mpaka mamita 30,000. Munthu amene amatha kale makilomita 10 amafuna masabata 16 mpaka 20. Amene sanayambe n'komwe asaganize za marathoni chaka chino, ayambe ndi makilomita 5.

Zambiri mwa zokonzekerazi zikhale zofewa, zoti mutha kucheza ndi mnzanu mukuthamanga osadula mawu. Zowawitsa zikhale kamodzi pa sabata. Sabata yachinayi iliyonse chepetsani. Masabata awiri kapena atatu omaliza chepetsani kwambiri, ngakhale mtima ukuuzeni kuti mukufooka. Simukufooka, thupi likukonza zimene munaononga.

N'chifukwa chiyani anthu amatheratu mphamvu cha pa kilomita 30? Ndidye chiyani?

Thupi limasunga shuga m'minofu ndi m'chiwindi, magalamu 400 mpaka 500 mwa munthu wamkulu wodya bwino. Marathoni imafuna zoposa pamenepo. Shugayo akatha thupi limadalira mafuta, amene alipo ambiri ngakhale mwa munthu woonda, koma amatulutsa mphamvu mochedwa. Zikatero miyendo imalemera, mutu umazunguzika, ndipo ena amakwiya popanda wowaputa. Woyamba mothamanga amatha shuga wake msanga, nkhani ija yabweranso.

Chothandiza ndi kudya muli paulendo, magalamu 30 mpaka 60 a zakudya zopatsa mphamvu pa ola, kuyambira ola loyamba lisanathe, njala isanayambe. Nthochi imodzi yapakatikati ili ndi magalamu pafupifupi 25. Timapaketi ta gel togula m'masitolo a zamasewero n'tabwino, koma n'todula, ndipo nthochi, uchi, masuwiti kapena mbatata yophika yothira kamchere zimagwira ntchito yomweyo. Masiku awiri omaliza onjezerani nsima, mpunga kapena mbatata, muchepetse nyemba, kabichi ndi zamafuta. M'mawa wa tsikulo, phala kapena buledi ndi tiyi, kutatsala maola awiri kapena atatu. Chilichonse chimene mudzadye tsikulo mukhale mutachiyesa kale pa ulendo wautali wokonzekera. M'mimba simukonda alendo.

Pa makina pali vuto loonjezera: manja onse ali pantchito. Ena amaphunzira kukoka ndi dzanja limodzi kwa kanthawi, linalo likutenga botolo. Ine ndimaona kuti kuima masekondi 15 pa mamita 5,000 aliwonse n'kwabwino, bola zonse zikhale zosendasenda, zotsekulatsekula, pambali pomwe dzanja lifika.

Ndizimwa madzi ambiri momwe ndingathere?

Ayi, ndipo funso ili musalidumphe. Madzi akachuluka kuposa thukuta limene mukutaya, mchere wa m'magazi umasukuluka, ubongo n'kutupa, ndipo anthu amwalirapo nazo. Pulofesa Tim Noakes wa ku University of Cape Town anafotokoza vutoli mu 1985 ataona othamanga mitunda italiitali ku South Africa. Kafukufuku wa othamanga marathoni ya ku Boston ya 2002 anapeza kuti 13 pa 100 alionse mwa oyezedwa anamaliza mchere wawo uli wotsika. Amene zinkawagwera kwambiri si akatswiri akutsogolo, koma otenga maola oposa 4, amene amaima pa tebulo lililonse la madzi. Amenewo ndife.

Imwani mukamva ludzu, pang'onopang'ono. Kuti mudziwe thukuta lanu, dziyezeni pa sikelo musanayambe ndi mukamaliza ola limodzi: kilogalamu imodzi yotsika ndi pafupifupi lita imodzi. Munthu sayenera kumaliza marathoni akulemera kuposa momwe anayambira.

M'nyumba thukuta limatuluka lambiri chifukwa kulibe mphepo yoliumitsa, limangoyenderera pansi osakuziziritsani. Ikani fani patsogolo panu, tsekulani mawindo. Pamsewu kwathu kuno mu October ndi November, ulendo wautali uziyamba kusanache.

Zoona kuti matako ndi amene amagonjetsa anthu?

Zoona, musaseke. Ola loyamba likatha amayamba dzanzi, lachiwiri likatha amayaka moto, ndipo ululuwo umatsikira kumbuyo kwa ntchafu. Ena amayala kathaulo kopinda, ena kasiponji kopyapyala. Chokhuthala kwambiri chimakukwezani n'kusokoneza kakhalidwe, ndiye yesani kale zimene zikukuyanjani. Khalani motsamira patsogolo pang'ono, osati chogonera kumbuyo. Poima kuti mumwe madzi, nyamukani pang'ono magazi ayende. Koma mankhwala enieni ndi kuzolowera, ndipo amapezeka pa maulendo aatali aja basi.

Matuza a m'manja amabwera chifukwa chofinya chogwirira. Chikoleni ndi zala, osachikumbatira ndi chikhatho chonse. Kwa othamanga, Vaseline pakati pa ntchafu, m'khwapa ndi pansonga za mabere, amuna omwe.

Ululu uti ndiupirire, uti ndiime nawo?

Kutopa, kulemera kwa miyendo yonse iwiri, kuwawa kwa matako, zimenezi ndi za ntchitoyi. Ululu wa malo amodzi oloza ndi chala, wokula mukamapitiriza, wokutsimphinitsani, umenewo imani nawo. Kwa wothamanga umakonda pa msongolo, pa bondo ndi pansi pa phazi. Kwa wopalasa umakonda m'munsi mwa msana ndi m'nthiti. Nthiti za opalasa zimatha kuchita mng'alu chifukwa chokoka mobwerezabwereza, ndipo chizindikiro chake ndi kubaya mukatsokomola kapena mukatembenuka pogona.

Zina n'zothamangira nazo kuchipatala: kupweteka pachifuwa, chizungulire, kusokonezeka mutu, kapena mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka mukamaliza. Mkodzo wotere umasonyeza kuti minofu yaonongeka kwambiri ndipo impso zili pangozi. Pa chifukwa chomwecho musamwe ibuprofen kapena diclofenac musanayambe kapena muli paulendo, chifukwa impso zimakhala zili kale pantchito yaikulu. Thupi likatentha, kaya ndi malungo kaya chimfine, musathamange ndipo musapalase, ngakhale munalipira kale mpikisano. Amene ali ndi BP, shuga kapena vuto la mtima ayambe waonana ndi dokotala.

Simutopa nako kuyang'ana khoma maola atatu?

Ndimatopa nako. Ena amaonera filimu, ena amamvera wailesi. Ine filimu imandichedwetsa, split imakwera osadziwa. Chimene chimandithandiza ndi kuiwala za 42,195 n'kumangoganiza za mamita 5,000 amene ndilimo, chifukwa pamapeto pake pali madzi ndi nthochi. Zigawo zisanu ndi zitatu, kenako katsalira ka mamita 2,195 kamene aliyense amakamaliza. Mukapeza mnzanu wopalasa pambali panu, ngakhale wongobwera kudzakhala nanu ola lomaliza, ntchito imapepuka.

Ndine wonenepa, komanso zaka zapita. Si zanga izi?

Pa makina kulemera si mlandu, chifukwa mpando ndiwo wakusenzani. Anthu aatali ndi amatupi ndi amene amakoka bwino, n'chifukwa chake pali gulu lapadera la opepuka: amuna osapitirira makilogalamu 75, akazi osapitirira 61.5. Pamsewu zimatembenuka, kilogalamu iliyonse mumainyamula nokha mpaka kumapeto. Ndiye kwa munthu wathupi amene mawondo amadandaula, makina ndi poyambira pabwino, kuthamanga kudzabwere pambuyo, kuyambira ndi kuyenda ndawala.

Za zaka, Wally Hayward wa ku South Africa anamaliza Comrades, mpikisano wa kwawoko wa makilomita oyandikira 90, mu 1989 ali ndi zaka 80, kutatsala mphindi zosakwana ziwiri kuti atseke. Sindikunena kuti tonse ndife Hayward. Koma pa mitunda italiitali azaka za m'ma 40 ndi 50 amachita bwino, mwina chifukwa phuma linawathera.

Nanga amayi?

Funso limeneli linayankhidwa kalekale. Mu 1967 mkulu wina wa mpikisano wa ku Boston anayesa kumukoka Kathrine Switzer kuti achoke mumsewu, iye anamalizabe. Marathoni ya amayi inalowa pa Olimpiki mu 1984 ku Los Angeles, ndipo anapambana Joan Benoit. Vuto lenileni kwa amayi ambiri ndi chitetezo pothamanga kukadali mdima. Thamangani m'gulu, ndipo masiku amene gulu kulibe, makina amathandiza.

Zimafuna ndalama zingati? Kwathu kulibe makinawa.

Makina ndi odula, ndipo kuwaitanitsa kunja kumawonjezera mtengo wonyamulira ndi msonkho. Sindingalangize munthu kugula asanawayese miyezi ingapo ku jimu. Ogwiritsidwapo kale ntchito ndi abwino, chifukwa salira zambiri: kupukuta njanji, kuthira mafuta tcheni, kuchotsa fumbi m'gudumu. Ubwino wina ndi wakuti safuna magetsi a pakhoma. Kasikirini kamayendera mabatire awiri aakulu a tochi, ndipo mukamakoka gudumu limakapatsanso mphamvu. Magetsi azime, inu mukupalasabe, kungoti fani ndiye yaima.

Ngati mukufuna kupalasa marathoni ku jimu, pemphani kaye eni ake ndipo sankhani nthawi yopanda anthu. Kukhala pa makina maola atatu anzanu ali pamzere ndi kupalamula.

Kuthamanga kumafuna nsapato basi. Za pakaunjika zilipo zabwino, koma yang'anani pansi pake ndipo finyani chidendene: ngati chinaphwatalala, nsapatoyo inatha kale ngakhale pamwamba ikuwala. Tengani yokulirapo pang'ono, mapazi amatupa. Amene ali ku South Africa kapena ku Britain ali ndi parkrun, makilomita 5 Loweruka lililonse m'mawa, ulere. Inayamba ku Bushy Park ku London mu 2004, ndipo ku Johannesburg anaibweretsa Bruce Fordyce mu 2011. Ku Malawi kuli Porters Race ya pa phiri la Mulanje, yoyambira ku Likhubula kukwera ku Chambe, kudutsa ku Lichenya n'kutsikiranso ku Likhubula. Unayamba ngati mpikisano wa onyamula katundu ndi olondolera alendo m'phirimo. Mtunda wake ndi makilomita opitirira pang'ono 20, koma musaupeputse poona nambala.

Kupitirira marathoni kuliponso china?

Chilipo, kwa amene sanakhute. Pa makina kaundula uja amalandiranso mamita 100,000, ndipo alipo opalasa maola 24. Ofuna kuwoloka nyanja ya Atlantic pa bwato, kuchokera ku La Gomera kukafika ku Antigua, makilomita pafupifupi 4,800, nawonso amathera miyezi pa makina omwewa.

Pamsewu, kuno kummwera kwa Africa tili ndi Two Oceans ya makilomita 56 ku Cape Town, ndi Comrades pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg, makilomita oyandikira 90. Comrades anaiyambitsa Vic Clapham mu 1921 pokumbukira asilikali anzake a nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Chaka china amakwera kupita ku Pietermaritzburg, china amatsika kupita ku Durban, ndipo odziwa amati yotsika ndiyo imaononga miyendo. Maola 12 akakwana mfuti imalira, ndipo wotsala sitepe imodzi salandira mendulo. Kuti mulowe muyenera kumaliza kaye marathoni m'nthawi imene aika. Fordyce anapambana kasanu ndi kanayi, Stephen Muzhingi wa ku Zimbabwe katatu motsatizana, 2009 mpaka 2011. Koma unyinji wa amene amadzaza msewuwo ndi anamwino, aphunzitsi, madalaivala ndi alonda, othamanga mongokonda ngati ife.

Ndikufuna zonse ziwiri chaka chimodzi. Ndiyambe iti, ndipo zitalikirane bwanji?

Yambani ya pa makina. Thupi limachira msanga, pakatha sabata imodzi yofewa mumakhala mwabwerera pantchito, ndipo mumakhala mwaphunzira kudya, kumwa ndi kudzigwira kwa maola atatu popanda kuononga miyendo. Ikhale kutatsala miyezi iwiri kapena itatu kuti muthamange ya pamsewu, kuti maulendo aatali othamanga asasokonezeke.

Mukayamba ya pamsewu, dikirani. Masiku oyamba kungoyenda basi, kenako kupalasa kofewa kwa mphindi 20 kuti miyendo imasuke, ndipo pasathe masabata ochepera anayi musanayese marathoni ya pa makina. Amene akukonzekera Comrades ya mu June, akafuna kulowa nawo za Concept2 za kumayambiriro kwa May, apalase theka lokha, mamita 21,097, pa split yofewa.